Mphindi Zitatu za pa Kaseti 41

Uthenga unafika Lachitatu m'mawa, atelala ali mkati mopinda mpendero wa diresi la mkwatibwi. Anachotsa mapini awiri amene anali nawo pakamwa, nasintha magalasi, nawerenga pa foni.

"Amayi, ndine mwana wa a Mpheta. Makaseti onse atsika bwinobwino kupatula ya 41. Yangoima kuyambira Lolemba. Amayi anga akufuna imeneyo basi, ena onsewa akuti ndizimitse. Adokotala atiuza kuti tisamawerengenso masabata."

Atelala anaisiya foni ija pa tebulo, nakhala pa mpando wa makina osokera.

Malemu amuna awo anaphunzitsa kwaya ya pa tchalitchi zaka makumi atatu, ndipo anali munthu wojambula chilichonse: nyimbo za Lamulungu, za pa ukwati, ngakhale maphunziro a kwaya a Lachinayi madzulo. Atamwalira anasiya makaseti 112 m'makatoni atatu. Chaka chathunthu atelala ankati akatopa ndi kusoka, ankalowetsa kaseti imodzi m'wailesi yakale yolumikizidwa ku laputopu ndi chingwe, mpaka onse anasanduka mafayilo. Amene anawaphunzitsa zimenezi ndi mlamu wawo, mng'ono wa malemu, amene ntchito yake inali yokonza makompyuta.

Oimba akale aja anali atabalalika m'mizinda yakutali, ndipo mafayilo anali aakulu osati otumiza pa foni. Tsono Loweruka mlamu uja anawaika pa tsamba lina la anthu osunga nyimbo za m'matchalitchi, limene eni ake amalitcha tiraka. Tsambalo silisunga nyimbo ayi. Limangolozera wofuna kwa amene ali nazo. Laputopu ya atelala inayenera kukhala yoyaka, ikugawira anthu tizidutswa pang'onopang'ono mpaka aliyense akhale ndi zonse. Kugawira kumeneko amati kusida.

Koma Lamulungu masana, atachokera ku tchalitchi, atelala anachita kanthu kamodzi ali okha. Anatsegula fayilo ya kaseti 41, napeza malo amene ankawadziwa bwino, nadulapo mphindi zitatu, nasunga. Sizinawatengere nthawi ngakhale yosokera batani. Mphindi zitatuzo zinali za Lachinayi lina, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, tsiku limene Mpheta, mkazi wochepa thupi amene mawu ake ankadzaza tchalitchi chonse, anatuluka m'maphunziro a kwaya osadzabweranso.

Kwa iwo kudulako kunali ngati kuchotsa ulusi wolendewera pa chovala chotha kale. Sanaganize kuti makina angadziwe. Ngakhale tsopano, foni ili pa tebulo, anadziuza kuti mwina zangochitikira pamodzi. Anaimbira mlamu wawo.

Anafika 9 koloko itangokwana, chikwama chake paphewa, bambo wa imvi m'ndevu amene mkati mwa tchalitchi anaonamo komaliza pa maliro a mkulu wake.

"Odi kuno kwa ophwanya makompyuta!"

"Lowani alamu, lero musandiyambe."

"Mwaithira mafuta a makina eti? Ndinakuuzanitu, iyi sidya mafuta."

"A Mpheta ali m'chipatala. Akudikira kaseti 41, ndipo sikutsika."

Mlamu uja anasiya nthabwala. Anakankhira pambali lumo ndi choko, nakokera laputopu pafupi. Anayang'ana kanthawi, akudzikanda m'ndevu.

"Anthu makumi atatu ndi mmodzi akudikira. Onse aima malo amodzi, 99.4 peresenti. Ngati basi yothera mafuta pa geti la depoti. Mumaitseka chivundikiro mukamakagona?"

"Ayi. Ndimangoifunditsa kansalu kuopa fumbi."

"Muziipatsanso pilo. Chabwino, sinagone. Magetsi anazimapo?"

"Lolemba, pang'ono."

"Zimenezo sizikanaimitsa onse pamodzi. Tiyeni tione rauta."

Rauta, kabokosi kobweretsa intaneti m'nyumba, inali pa shelefu ya pamwamba, pakati pa mipukutu ya nsalu. Anakwera pa kampando, akudandaula za bondo lake, naizimitsa, naiyatsanso. Kenako anakhala pa laputopu nalowa m'kati mwa rautayo, akulongosola kuti ili ndi timakomo tambirimbiri, ndipo ngati khomo lolowera anthu a pa tiraka latsekeka, iwo amagogoda koma palibe wotsegula. Atelala anaimirira kumbuyo kwake, manja atapinda, ndipo mumtima anapemphera kuti, Ambuye, likhale khomo lomwelo. Atangotero anachita manyazi, pakuti ankadziwa kuti Mulungu sapemphedwa kukhala mnzako wobisa naye chinthu.

"Khomo lili pululu," anatero mlamu uja. "Onani kachizindikiro aka, n'kobiriwira. Vuto si limeneli."

Anapita pa tsamba lija natsitsanso torenti, kafayilo kakang'ono kamene kamakhala ndi mndandanda wa zonse zimene zikugawidwa, poganiza kuti mwina tiraka sikuwazindikiranso atelala. Inawazindikira. Anazimitsa pulogalamu yoteteza ku mavairasi. Palibe chinasintha.

"Foda ija simunaisunthe?"

"Ayi."

"Dzina simunalisinthe? Mwina kuwonjezera mawu akuti malemu, pakuti inu ulemu ndiye simusewera nawo."

"Sindinasinthe dzina."

Mayankho onsewo anali oona, ndipo ndi chimene chinkawawawa kwambiri. Munthu akhoza kuyenda tsiku lonse m'mbali mwa bodza osaliponda, n'kufika kunyumba mapazi ali matope okhaokha.

Nthawi inali kuyandikira 11 koloko pamene mlamu uja anatsegula malo ena odzaza timizere ta mawu, nayamba kuwerenga ndi chala.

"Apa pali nkhani. Makompyuta a anthu aja akukukanani, alamu. Amapempha chidutswa, inu mumawapatsa, iwo amachiyeza, n'kuchitaya. Akuti mukuwapatsa zowola. Ena afika pokutsekerani pakhomo." Anapuma mozama. "Ndikuopa disiki imene imasunga mafayilo onsewa. Ngati ikufa, ntchito yanu ya chaka chonse ili pa ngozi. Ndiiuze pulogalamuyi iwerengenso chilichonse kuyambira pachiyambi, tione pamene pavunda."

Kuwerengako kunatenga mphindi makumi anayi. Atelala anabwerera pa makina, nasoka msoko umodzi wokhota, nausomola, nasokanso wokhota. Ankang'ung'udza kanyimbo kamene amuna awo anapeka, kakuti mundiwerenge, Mbuye, pamodzi ndi ofooka. Pa laputopu kamzere kobiriwira kankakula pang'onopang'ono. Kenako pakati pake panaoneka kachigamba kofiira.

"Disiki ilibe mlandu," anatero mlamu uja pomaliza. "Zonse zili bwino kupatula pamodzi." Anatsegula foda, nayang'ana. Atayankhula sanatembenuke. "Alamu, Lamulungu 2 koloko masana munali kuti?"

Makina osokera anaima.

"Mafayilo enawa anasungidwa miyezi yapitayo. Iyi yokha inasungidwa Lamulungu, ife titaika kale torenti Loweruka. Ndipo yafupika. Pa mndandanda ndi ya mphindi makumi asanu ndi anayi. Apa zatsala makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi ziwiri."

"Ndinangodulapo pang'ono."

"Mayo ine. Ndakwera pa kampando ndi bondo ili, inu mukundiyang'ana?"

"Ndimati sizikukhudzana."

Mlamu uja anatembenuza mpando. Sanakalipe. "Imvani, alamu. Torenti ili ngati buku lanu lija la miyeso. Loweruka inayeza chidutswa chilichonse n'kulemba. Munthu akalandira chidutswa, amachiyerekeza ndi za m'bukumo. Mukachotsa ngakhale ulusi umodzi, chidutswacho sichikwananso, ndipo zonse zotsatira pambuyo pake zimasuntha. Panopa palibe munthu pa dziko lonse amene ali ndi zimene bukulo likufuna. Anthu aja adzadikira mpaka lipenga. Yosadulayo munaisunga kwina?"

"Ndinasunga pamwamba pake pomwepo."

"Chabwino. Munadula chiyani?"

Atelala anavula magalasi, nawapukuta ndi kansalu ka diresi la mwini wake.

"Mukukumbuka chimene a Mpheta anachokera?"

"Ndinali ku sukulu ya ntchito nthawi imeneyo. Ndinamva kuti ananamizira achimwene kwa akulu a mpingo, kuti anawatukwana."

"Sananame."

Atelala ananena zonse, maso ali pa tebulo. Tsiku limenelo Mpheta anakoka mawu ena nthawi yaitali kuposa mmene amuna a atelala ankafunira. Amuna awo anaimitsa kwaya, nanena mawu okhudza mwana wa Mpheta, amene bambo wake sankadziwika. Nkhani itafika kwa akulu a mpingo, malemuwo anati anangomudzudzula pa kaimbidwe. Mpheta anapempha kuti kaseti imvedwe, koma amuna awo anati tsikulo wailesi sinali kujambula. Akulu anafunsa atelala, monga mtsogoleri wa amayi oimba alito, ndipo iwo anavomereza mawu a amuna awo. Ena onse anangoti zii. Mpheta anauzidwa kuti apepese chifukwa cha miseche. Sanapepese. Anatenga mwana wake nasamuka.

"Achimwene ananena zimenezo?" anafunsa mlamu uja, mawu atatsika. "Achimwene omwe ankandiletsa ine kuimba mluzu pa Lamulungu?"

"Anali munthu, alamu. Analira nazo pa bedi la imfa. Koma kaseti sanaifufute. Sankafufuta kanthu."

Mlamu uja anaimirira, napita pa zenera, nayang'ana magalimoto mumsewu. Atabwerera anali wokonza makompyuta basi.

"Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, tiwatumizire yodulayo mwa njira ina. Nyimbo zonse zilimo. Munthu wodwala chotero sawerenga mphindi."

"Sakufuna nyimbo. Mwana wawo akuti ena onse akuzimitsa."

"Ndiye yachiwiri. Kaseti yeniyeni ilipo. Tiijambulenso yonse. Koma siidzafanana ndi ya Loweruka, makina sajambula kawiri mofanana. Torenti yakaleyo iyenera kuchotsedwa, tipange ina. Ndipo tsamba limeneli lili ndi lamulo lake: salola zodulidwa kapena zokonzedwa, ndipo wochotsa torenti amalemba chifukwa chake poyera, pamene aliyense wodikira awerenge. Kenako woyang'anira avomereze. Tsiku limodzi, mwina awiri."

"A Mpheta alibe masiku awiri owataya."

Atelala anagwada pansi pa tebulo lodulira, nakoka katoni yachiwiri. Kaseti 41 inali pamalo pake, nambala yolembedwa ndi dzanja la amuna awo. Anailowetsa m'wailesi, nasolola chingwe cha ku laputopu kuti mawu atulukire pa sipika, nathamangitsa tepi mpaka pafupi ndi malo aja. Sanafunikire kufufuza. Kenako anatenga foni naimba.

Mwana wa Mpheta anayankha msanga. Anali bambo wamkulu tsopano, mawu ake olemera ndi tulo. Kumbuyo kwake kunkamveka kulira kwa kamakina ka m'chipatala.

"Bambo, ndine uja wa makaseti. Vuto tapeza. Ndinalichita ndine. Ndikufotokozerani bwino, koma poyamba ikani foni pafupi ndi khutu la amayi anu. Ndiwaseweretsa kaseti pompano. Inu mukadatuluka pang'ono."

Kunamveka phokoso la nsalu, kenako mawu ena, opyapyala ngati pepala.

"Akhale. Nkhaniyi ndi yake."

"A Mpheta."

"Ndakumvani, mayi. Tsegulani."

Atelala anagwira foni pafupi ndi sipika, nadina batani. Poyamba kunali kusokosera kwa tepi yakale. Kenako kwaya inalowa, ndipo pamwamba pa onse panakwera mawu a mtsikana, oyera, osatopa, akukoka liwu lomaliza ngati safuna kulisiya. Kenako dzanja linamenya tebulo.

"Imani, imani! Iwe, usatiphunzitse chiyero ndi mawu akowo. Pita ukayambe wapeza bambo wa mwana wakoyo. Ukamupeza ubwere udzatiimbire za kukhulupirika."

Anthu anaseka. Ambiri anaseka pang'ono, mwamantha. Koma panali kuseka kumodzi pafupi ndi wailesi, kokwera, kotalika, kwa mkazi amene anaseka mpaka kutsamwa. Mlamu uja anatembenuka nayang'ana atelala. Iwo sanabise nkhope. Pa tepi benchi inakwekwereka, nsapato zinayenda, chitseko chinatsekeka. Kenako mawu a amuna awo: "Tiyambirenso, vesi lachiwiri."

Atelala anadina batani loimitsa. Pa foni panali kamakina kaja kokha.

"Bwezani," anatero Mpheta.

Anabweza. Anamvanso zonse, kuyambira pa liwu lokokedwa mpaka pa chitseko.

"Ndiye kuti sindinaname," anatero Mpheta. Ankapuma pakati pa mawu. "Mukudziwa, mayi, ndinafika pokukhulupirirani. Anthu makumi anayi sangaiwale onse, ndinkatero. Mwina ndinalota. Mwina ndi mkwiyo unandiikira mawu m'makutu. Ndalapa tchimo limeneli kwa abusa atatu. Ndimaopa kukaima pamaso pa Ambuye ndi bodza limene sindikulikumbuka bwino."

"Simunaname. Tinanama ndife. Ndipo kuseka kuja..."

"Kuseka kwanu ndikukudziwa. Tinakhala benchi imodzi zaka zisanu ndi ziwiri."

"Kusekako ndinakudula Lamulungu. N'chifukwa chake kaseti sinatsike. Ndinkati ndikusunga ulemu wa malemu, koma ndinkadzisunga ndekha. Mundikhululukire, a Mpheta."

Atelala anayang'ana foni kuti aone ngati yaduka.

"Musandithamangitse, mayi. Inu mwatenga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ine mundipatse mpaka mawa, ngati mawa ndili nawo." Anatsokomola, wina nawapatsa madzi. "Enawo akudikira ndi angati?"

Atelala anayang'ana mlamu wawo.

"Makumi atatu ndi mmodzi," anatero iye.

"Ambiri mwa iwo anali m'chipindamo," anatero Mpheta. "Nawonso aimve. Yonse."

Foni inasuntha. Mwana uja anayankhula mwaulemu, koma ulemu wake unali wozizira. "Atopa. Mukaika yatsopanoyo mundiuze." Ndipo anadula.

Mlamu uja anabwezera chingwe m'wailesi, nabweza tepi mpaka pachiyambi, natsegula pulogalamu yojambulira. Timizere ta mawu tinayamba kuvina pa laputopu. Kenako anatsegula tsamba lija, nadina pamene pamachotsedwa torenti. Panatuluka kabokosi kopanda kanthu, kofunsa chifukwa. Anakankhira laputopu kwa atelala, koma dzanja lake linatsalira pamenepo.

"Mukhoza kungolemba kuti fayilo inawonongeka. Ambiri amalemba choncho, ndipo zimakwana. Kaseti ikafika adzamva okha."

"Sinawonongeke."

"Ndikudziwa. Koma ndi achimwene anganso, alamu. Ana anu adzawerenga. Akulu a mpingo ena ali pa tsamba lomweli."

"Akamva kaseti popanda mawu anga, adzati atelala sankadziwa. Adzandimvera chisoni." Anakokera mpando pafupi. "Chotsani dzanja, alamu."

Analichotsa. Atelala ankalemba ndi chala chimodzi, akufunafuna chilembo chilichonse, ndipo zinawatengera nthawi. Analemba kuti kaseti 41 anaidula iwo eni, dala, torenti itaikidwa kale. Analemba kuti zimene a Mpheta anauza akulu a mpingo zinali zoona, kuti iwo anachitira umboni wonama, ndi kuti woseka kwambiri pa tepiyo ndi iwo. Anapempha woyang'anira kuti afulumire ngati angathe, pakuti mwini nkhani ali m'chipatala. Anawerenga kamodzi, milomo ikuyenda, nadina.

Pansi pa mawu awo panatuluka kamzere kotuwa konena kuti pempho likudikira woyang'anira.

"Tsopano?" anafunsa.

"Tsopano tidikire. Tepi ithe, tipange torenti ina. Ndipo ikatha musaikhudzenso, ngakhale mumve ndani akutsokomola."

Ankafuna kuti atelala aseke, koma palibe anaseka. Mlamu uja anatsitsa mawu a laputopu, nati palibe chifukwa chomveranso, makina ajambula okha. Atelala anatambasula dzanja nakwezanso. Kaseti inali kuzungulira, kwaya ikuimba nyimbo yachitatu, ndipo kunali kutatsala pafupifupi theka la ola kuti malo aja afikenso. Anakhala pomwepo, manja pa maondo, akudikira.